Msonkho Ngwathu, Pakamwanso Mpathu

Khalani pang'ono pabenchi ya odikira adokotala pachipatala cha Mishoni kuno ku Mulanje, kapena pamene anyamata akabaza amaimika njinga zawo pa Chitakale, mudzamva boma lonse likuzengedwa mlandu dzuwa lisanafike paliwombo. Wina akuti msonkho wanyanya. Wina akuti ndalama zonse zikuthera m'matumba mwa mabwana a ku Capital Hill. Wina akufunsa kuti asilikali amadyeranji malipiro pomwe nkhondo kulibe, ndipo mnyamata amene foni sichoka m'manja mwake akulumbira kuti iye zonse waziona pa WhatsApp. Nkhani zoterezi ine sindidana nazo, abale anga. Mudzi umene anthu ake satchula mfumu yawo pocheza ndi mudzi wa mantha, ndipo ena mwa ife tinakuliramo.

Inu obadwa dzana simungamvetse kuti kunali nthawi imene munthu asanatchule mtengo wa shuga ankayamba wacheuka. Popanda khadi ya chipani sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo mayi woyembekezera ankatha kuuzidwa kuti agulirenso khadi mwana amene ali m'mimba. Zinatengera kalata ya mabishopu a Katolika ya mu Malichi 1992, anthu kumangidwa, ena kufa, kenako referendamu ya pa 14 Juni 1993, kuti pakamwa pathu patseguke. Choncho musayembekeze kuti mkulu ngati ine akuuzeni kuti khalani chete. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawu athu abwino amathera pabenchi pomwepo, pomwe mawu oipa ndiwo amamera miyendo n'kuzungulira midzi yonse.

Tiyambe ndi msonkho, poti ndiwo umawawa msanga. Dera lino linaudziwa kalekale. Atsamunda atangokhazikitsa boma lawo mu 1891, Harry Johnston sanachedwe kuika msonkho wa nyumba. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankakhoma masheleni 3, pomwe wokhala pakhomo pake ankakhoma 6. Aliyense akhoza kuona kumene lamulo lotere linkakankhira anthu, nthawi imeneyo minda ya azungu ikukula m'munsi mwa phiri lino, tiyi atabzalidwa kale ku Lauderdale. Makolo athu achilomwe amene anawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi anapeza thangata akuwadikira tsidya lino. Mbusa John Chilembwe, amene anaphedwa kuno ku Mulanje pa 3 Febuluwale 1915 akulowera ku Mozambique, ankadandaula zomwezi: anthu kukhoma msonkho, kugwira thangata, kutengeredwa kunkhondo ya eni ake, koma osafunsidwa kanthu.

N'chifukwa chake mpaka lero mtima wathu umaona msonkho ngati chinthu cholandidwa, ndipo boma ngati munthu wachilendo wamphamvu amene ukam'bera sunachimwe. Tinayamwira maganizo amenewa. Msonkho wa mutu, umene unkagoneka amuna kutchire amesenjala akafika m'mudzi, utathetsedwa, ambiri anapumira m'mwamba n'kumati basi, msonkho watsalira a malipiro a pamwezi okha. Kunali kudzinamiza. Mayi wothyola tiyi akagula mayunitsi a foni, wakhoma. Bambo akagula malata ndi simenti, wakhoma, ndipo kwa zaka zambiri VAT inali K16.50 pamwamba pa K100 iliyonse. Mnyamata wa njinga yamoto akathira petulo, m'mtengo wa lita muja muli kale ndalama ya misewu. Agogo ogulitsa nanazi ndi mapeyala akadula chiphaso cha msika, ndalama ija yapita ku khonsolo. Palibe munthu m'boma lino, ngakhale wosauka motani, amene sathira kanthu m'nkhokwe ya dziko. Ndipo amene wathira chimanga m'nkhokwe sapempha chilolezo kuti asuzumiremo.

Tisanakwiye, tinene chilungamo: zina mwa ndalamazo timaziona ndi maso. Anamwino ndi azachipatala ambiri a m'zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM amalandira malipiro ochokera ku boma. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono amathandizidwa osalipira m'zipatala zambiri zoterezi chifukwa cha mgwirizano wa chipatala ndi boma. Mphunzitsi wa ku pulayimale, mlangizi wa zaumoyo woyenda ndi sikelo m'midzi, wapolisi wa pa Muloza, onsewa amadya thukuta lathu, ndipo n'koyenera kutero. Munthu wonena kuti boma silichita chilichonse akunama, ndipo wonama ngakhale akhale kumbali ya osauka amafooketsa mlandu wa osaukawo.

Koma zina sitinazione, ndipo sitidzazionanso. Mu Seputembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira ndalama zinayamba kupezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly a ku Britain anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinalowa madzi m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Njira yake inali yosavuta: kulowa m'makompyuta olipirira a boma otchedwa IFMIS, kulemba cheke cha kampani imene sinagulitse boma ngakhale msomali, kenako kufufuta. Mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zimene ankathira m'bajeti, ndipo nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, poti amene anamva kuwawa ndi wodwala amene anauzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha. Mu 2022 tinamvanso kuti K750 miliyoni yogulira feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya AIP inaperekedwa ku Barkaat Foods, kampani ya ku Britain imene ntchito yake yodziwika inali yogulitsa nyama. Boma linali lina, chipani china, koma matenda omwewo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga a pabenchi. Iwo akamva izi amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Onse ndi akuba basi." Mawu amenewa amamveka anzeru, koma ndi ulesi wovala jekete. Wakuba weniweni akamva kuti onse ndi akuba amagona tulo tabwino, chifukwa wabisala m'chigulu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake ndi mawu athu omwewa. Nkhani ya mu 2013 ija, imene inatchedwa Cashgate, sinaululidwe ndi anthu ogwedeza mutu. Inaululidwa ndi anthu amene anakhala pansi n'kuwerenga macheke limodzilimodzi, n'kufunsa kuti kampani iyi ndi ya yani, inabweretsa chiyani, anasaina ndani. Chifukwa cha mafunso otere ena analowa m'ndende. Mkwiyo wopanda dzina, tsiku ndi nambala sunamangitsepo munthu.

Ndiyeno pali ife eni ake. Chala chimene timaloza ku Lilongwe chili ndi zinzake zotiloza ife. Nthawi ya kampeni ikafika timavina kutsogolo kwa galimoto chifukwa cha nsalu ndi kandalama kokwana mchere, n'kumati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma lamulo lingatani pamene wolandira ndiye akuyamba kutambasula dzanja? Phungu timamuyesa ndi mabokosi a maliro amene wagula, osati ndi zimene wanena ku Nyumba ya Malamulo bajeti ikamakambidwa. Mlatho ukamangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF timaimba nyimbo zothokoza ngati munthu watapa m'thumba mwake, chonsecho ndi ndalama ya mayunitsi ndi malata aja yabwerera kwawo itachepa. Kuthokoza ndi khalidwe labwino, makolo anatiphunzitsa. Koma munthu amene wazolowera kuthokozera zake zomwe sangathenso kufunsa kuti zina zatsala kuti. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano ndikambe chimene chimandilemera kwambiri, poti chinachitika pakhomo pathu pano. Mu Seputembala 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa. Inayambira m'madera a m'malire muno, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu anasiya kugona m'nyumba, n'kumachezera panja m'magulu. Anyamata anatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, n'kumasecha galimoto iliyonse. Mlendo wonyamula chikwama, munthu wodwala misala wosatha kufotokoza kumene akuchokera, ngakhale mfumu yoganiziridwa kuti ikubisa anthu, onse anali pangozi. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 anali ataphedwa ndi anzawo. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, azaumoyo anayamba kuopa kulowa m'midzi, apolisi anamanga anthu ochuluka, ndipo mtsogoleri wa dziko anachita kubwera yekha kudzalankhula ndi anthu.

Funsani lero amene ankalondera usiku uja kuti namapopa anamuona ndi maso. Yankho limakhala limodzi: anamva kwa mlamu wake, amene anamva kwa mnzake wa kuesiteti, amene anauzidwa pafoni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Sindikuseka mantha a anthu, ayi. Munthu amene makolo ake anagwidwa thangata, amene amaona magalimoto akuluakulu akulowa m'mudzi mwake popanda womufotokozera, amene magazi ake amatengedwa kuchipatala koma wosamuuza bwino chifukwa chake, ali ndi pomwe mantha angamere. Atsogoleri amene safotokozera anthu amalimira mphekesera munda. Koma mantha sasambitsa m'manja mwa munthu amene waponya mwala. Amene anafa aja anali ana a eni, ndipo madzi akatayika saoleka. M'malingaliro a anthu usiku umenewo, iwo ankateteza mudzi. Umu ndi mmene nkhani ya chitetezo imasokonekera ikagwera m'manja mwa mphekesera: woteteza ndiye amasanduka choopsa.

Za chitetezo chenicheni, dera lino lili ndi poyambira kukamba. Akuluakulu akukumbukira m'ma 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika pa Milange, anthu akuwoloka pa Muloza ndi mitolo pamutu, ana kumsana. Dziko lathu losaukali linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Amene anaona zimenezo safunsa mwachibwana kuti msilikali ndi wa ntchito yanji. Ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa madzi, miyala ndi matope kuchokera m'phiri, midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe itadukidwa misewu, amene anafika kumene galimoto sinkafika anali asilikali, athu ndi a mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Zambia amene anatumiza ndege zawo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chino. Funso la munthu wanzeru pamenepa si lakuti asilikali achotsedwe. Ndi lakuti, dziko limene limadziwa za napolo ndipo linaona tsoka la ku Phalombe la mu 1991, bwanji limadikira kubwereka ndege kwa anansi? Mabwato opulumutsira anthu alipo angati, ndipo ali kuti? Malo osamukirako anthu a m'mphepete mwa mitsinje anakonzedwa? Amenewo ndi mafunso a bajeti, ndipo ali ndi eni ake oyenera kuyankha.

Pa Freddy pomwepo tinaonanso nkhope ina ya foni. A zanyengo anachenjeza pa wailesi ndi m'mafoni namondwe asanafike, ndipo ena amene anamvera anapulumuka. Madzi ataphwa, abale a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe anatumiza thandizo pa Airtel Money ndi pa Mpamba tsiku lomwelo, chinthu chimene kale chikanatenga masabata. Foni yomweyo imene inanyamula anamapopa ndiyo inanyamula chenjezo ndi chakudya. Tsono amene amati zipangizo zamakono zatiwonongera ana, ndi amene amati zidzathetsa katangale, onse akuipatsa ulemu woposa msinkhu wake. IFMIS anaibweretsa kuti itseke mabowo, anthu n'kubera momwemo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima, boma n'kulengeza kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta a ku Immigration, ndipo achinyamata ofuna kupita kukagwira ntchito kunja anangoti kakasi. Pomwe pa chisankho cha mu 2019, chimene chinasokoneza dziko sichinali chamakono konse, anali Tipp-Ex wa m'kabotolo, yemwe mwana wa sukulu amam'dziwa.

Nkhani ya chisankho chimenecho ndimaikonda pa chifukwa chimodzi, posatengera kuti munavotera yani. Miyezi yambiri anthu anali m'misewu, masitolo anaphwanyidwa, ena anavulala. Koma chimene chinagamula mlandu ndi mapepala. Oweruza 5 anakhala miyezi akumva mboni ndi kuyang'ana mafomu a zotsatira, wailesi zikuulutsa m'Chichewa kuti ndi agogo omwe amve, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 anagamula kuti chisankho chibwerezedwe. Pa 23 Juni chaka chomwecho anthu anavota, boma linasintha. Pa 16 Seputembala 2025 anthu omwewo anavotanso, n'kubwezera pampando Peter Mutharika amene anam'chotsa zaka 5 m'mbuyomo, Lazarus Chakwera n'kuvomera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anadana ndi m'bale wake wa bere limodzi chifukwa cha mtundu wa nsalu ya chipani, lero akuona andale aja akudyera m'mbale imodzi, iye maliro a kwa m'bale wake sapitako.

Kudekha kumene ndikunena si kugona. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mu 2019 nduna ya zachuma inabweretsa msonkho wa K1 pa K100 iliyonse yodutsa pafoni. Anthu, mabungwe oimira ogula ndi aphungu ena anakana poyera, ndi zifukwa zomveka, kuti msonkho wotere ukantha wam'mudzi amene banki yake ndi foni, ndipo unachotsedwa bajeti isanadutse. Kunonso, pamene Blantyre Water Board inkafuna kutenga madzi a Likhubula kupita nawo mumzinda, anthu a ku Mulanje anafunsa kuti nanga eni phiri apindulanji, ndipo mitengo yoteteza madziwo adzabzala ndani. Mapaipi anaikidwa ndithu, koma akuluakulu anakakamizika kubwera kudzakhala pansi ndi anthu. Si nthawi zonse wofunsa amapeza chimene akufuna. Koma safunsa anadya phula.

Tsono, ana anga, mawu a pabenchi aja asamathere pabenchi. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya chitukuko ya VDC, pamwamba pake ADC kwa mfumu yaikulu, kenako khonsolo kuboma kumene kumakhala khansala amene munam'votera. Misonkhano imeneyi imachitika anthu ochepa alipo, ndipo amene amafuula kwambiri pa Chitakale nthawi zambiri sapezekako. Amati kulibe alawansi. Ndiye tikudabwa chiyani ngati chipinda cha sukulu chomangidwa chaka chatha chayamba kale kung'aluka? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akuluampingo, amayi a Mvano, aphunzitsi opuma, inu amene mumatha kuwerenga ndondomeko ya chuma cha mpingo mpaka tambala yomaliza pa msonkhano wa pachaka, luso lomwelo likufunika pa ndalama za mjigo ndi mlatho. Amishoni a ku Scotland amene anayamba ntchito pano anatisiyira sukulu kuti tiziwerenga, ndipo sanati tiziwerenga Baibulo lokha.

Kwa achinyamata a mafoni ndili ndi pempho laling'ono. Uthenga ukafika wonena kuti boma lachita chakuti, kapena kuti m'mudzi wakuti mwalowa anthu oopsa, dzifunseni kuti wanena ndani, anali pomwepo kodi, ndipo ndikautumiza ukapezeka wabodza adzavulale ndani. Chithunzi chikhoza kukhala cha dziko lina, cha chaka china. Masiku ano makompyuta akutha kupanga ngakhale mawu ndi nkhope ya munthu akunena zimene sananene. Imbirani foni munthu wa kumaloko, mverani wailesi, funsani amfumu kapena apolisi a m'dera. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2016 kuli lamulo loona za pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ena mwa iwo, kunena zoona, anamangidwa chifukwa chongonyoza akuluakulu, zimene ine ndimaziona ngati fungo la masiku a khadi aja, ndipo n'zoyenera kuzikana. Koma mukamakana zimenezo, m'manja mwanu mukhale moyera.

Njira yofunsira ilipo, ndipo ndi ya lamulo. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Mutu umodzi susenza denga, choncho musapite nokha: khalani anthu angapo a m'mudzi umodzi, amfumu akudziwa, mulembe kalata yaulemu kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi imene ikukhudzidwa. Musalembe kuti ndalama zikubedwa. Lembani kuti ntchito yakuti, ya pamalo akuti, inapatsidwa ndalama zingati, kontilakita ndi ndani, walipidwa kale zingati, ndipo inayenera kutha liti. Kalata zikhale ziwiri, inayo akudindireni tsiku limene ailandira, muisunge. Lamulo limaika masiku oti ofesi iyankhe. Akapanda kuyankha, kapena akakana popanda chifukwa, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndipo popita kumeneko mutenge kalata yodindidwa ija.